Kaonedwe ka mbalame zochoka kutali zimene zimadya m'matope a Nyanja ya Chilwa

Timbalame tambiri timene timathamangathamanga m'matope a m'mphepete mwa Chilwa sitinaswedwe kuno ayi. Tina tinaswedwa ku Siberia, tina ku Finland ndi ku Sweden, ndipo timabwera kuno pothawa chisanu chakwawoko. Munthu wa ku Zomba safunika ndalama zambiri kuti akatione, pakuti doko la Kachulu lili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 30 kuchoka m'tauni. Koma ambiri amene amapitako amangoona akakowa ndi nkhwazi basi, chifukwa maso awo amakhala pakati pa nyanja ndi kumwamba, pamene alendowa ali pansi, pomwe madzi akumana ndi nthaka. Choti mufune ndi thope lonyowa. Zina zonse zikutsata pamenepo.

Choyamba: dziwani nyengo, koma funsani za madzi

Mbalamezi zimaikira mazira kumpoto kwa dziko lapansi mu Juni ndi Julayi, nthawi imene chisanu chasungunuka, dzuwa sililowa kwenikweni, ndipo tizilombo todyetsa anapiye tili mbwee. Zikamaliza, zazikulu zimayamba kunyamuka, ana n'kutsatira pambuyo paokha. Kuno zimayamba kuoneka mu Ogasiti, n'kuchuluka mu Seputembala ndi Okutobala. Zimakhala nafe dzinja lonse. Kukayamba kufunda kwawoko, mu Malichi ndi Epulo, zimabwerera. Ndiye kuti nthawi yabwino ilipo pawiri: pofika ndi ponyamuka.

Nthawi ziwirizi sizifanana pa Chilwa. Kuyambira Seputembala mpaka Novembala madzi amakhala akuphwa, thope lili poyera, ndipo mbalame zimaoneka mosavuta, kungoti nthenga zake zimakhala zotuwa, zofanana zokhazokha. Mu Malichi ndi Epulo nyanja imakhala yodzaza, madzi alowa mpaka m'njedza ndi m'bango, thope likusowa. Komatu ndi nthawi imeneyi pamene zina zimasintha nthenga kukonzekera kukaswana, ndipo zimakongola. Ngati ndinu woyamba kumene, ndingakuuzeni kuti muyambe ndi Okutobala, mupirire kutentha, kenako mudzabwerenso mu Epulo mutazidziwa kale.

Kalendala yokha musaidalire. Chilwa alibe mtsinje wotulutsa madzi. Domasi, Likangala, Thondwe, Namadzi, Phalombe ndi mitsinje ina imangothiramo, ndipo madziwo amachoka ndi dzuwa. Nyanjayi ndi yosaya, malo ambiri sapitirira mamita 2 kapena 3, choncho madzi akangotsika pang'ono gombe limasuntha mtunda wautali. Inauma mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yaikulu inasanduka dothi long'aluka. Zaka za mvula yambiri, monga 2023 pamene namondwe Freddy anagwetsa chimvula kuchigawo chakummwera, malo amene chaka chinacho anali thope amamira. Pamene mnzanu anaona mbalame chaka chatha, chaka chino mwina pakudutsa bwato kapena pakudya ng'ombe.

Njira yachidule yodziwira ndi kupita mumsika wa Zomba, kumene amagulitsa matemba ndi milamba youma, n'kufunsa amene amakapikula ku Kachulu. "Mayi, madzi afika pati masiku ano? Maboti akukocheza padoko penipeni kapena anthu akuyenda kaye pathope?" Akakuyankhani kuti akuyenda pathope, konzekani ulendo.

Chachiwiri: zonyamula

Chofunika koposa ndi magalasi oonera patali. Olembedwa 8x42 kapena 10x42 ndi okwanira. Nambala yoyambayo ikunena kuti chinthu chikula kangati, ndipo yoposa 10 imanjenjemera m'manja. Ngati mulibe, bwerekani. Anthu awiri angathe kusinthana amodzi. Muwaphunzire kunyumba pa mpheta za pabwalo: diso likhale pa mbalame, ndipo magalasi abwere kumaso osaweramitsa mutu.

Tengani kope ndi pensulo, chipewa, madzi akumwa ochokera kunyumba (a m'nyanjamo ndi amchere, ndipo kolera siichedwa kubuka m'madoko), ndi zovala zosawala, zotuwa kapena zobiriwira. Malaya oyera mbee mbalame zimawaona muli kutali. Kumapazi valani magambutsi. Madzi osayenda a m'madambo ndi m'minda ya mpunga mumakhala nkhono zofalitsa likodzo, ndiye musalowemo opanda nsapato, ndipo ngati mwalowamo, pakatha milungu ingapo kayezetseni kuchipatala. Madzulo kuli udzudzu woopsa.

Pa foni mungaike Merlin Bird ID, pulogalamu yaulere ya Cornell Lab of Ornithology, imene ili ndi zithunzi ndi kulira kwa mbalame. Koperani mbalame za dera lathu muli m'tauni, chifukwa kunyanja netiweki ndi yapatalipatali.

Chachitatu: kufika bwino

Msewu wa ku Kachulu mbali yaikulu ndi wadothi. M'chilimwe galimoto wamba kapena njinga yamoto ya kabaza imafika. M'dzinja funsani kaye. Mukafika musangotulukira n'kuyamba kuloza magalasi uku ndi uku. Padoko pali anthu akugwira ntchito, ena akusamba, ndipo munthu wachilendo wa magalasi amadabwitsa. Perekani moni, funsani a komiti ya padoko, nenani chimene mwabwerera. "Achimwene, tabwera kudzaona mbalame, makamaka ting'onoting'ono ta m'matope tija. Timapezeka mbali iti?" Kenako gwirizanani ndi munthu mmodzi wa konko kuti akuperekezeni, mtengo mukambirane musananyamuke. Iyeyo ndiye akudziwa thope lolimba ndi thope lomeza munthu mpaka m'chiuno, komanso ngati kumathiriro a mtsinje kwaoneka ng'ona.

Pa Chilwa anthu amatchera ndi kusaka mbalame za m'madzi, makamaka chaka chimene nsomba zasowa, ndipo alenjewo ali ndi magulu awo. Musapite kukawalalikira. Nyanjayi inalembedwa kuti ndi dambo lofunika padziko lonse pansi pa Pangano la Ramsar, limene Malawi inalowa mu 1997, ndipo mu 2006 UNESCO inaiikanso m'gulu la malo achilengedwe amene anthu amakhalamo ndi kudyeramo. Zonsezi sizinachotse njala. Komanso mlenje wa zipweyo ndi atsekwe amadziwa za mbalame za pamenepo kuposa inu ndi foni yanu, ndiye ndi bwino akhale mnzanu.

Chachinayi: dzuwa likhale kumbuyo

Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Aliyense amanena kuti mbalame zimaonedwa m'mamawa, ndipo n'zoona. Koma Kachulu ali kumadzulo kwa nyanja. Mukaima pagombe 6 koloko m'mawa n'kuyang'ana kumadzi, mukuyang'ana kummawa, dzuwa lili m'maso, thope likunyezimira, ndipo mbalame iliyonse ikuoneka yakuda bii. Simungaone mtundu wa miyendo ngakhale magalasi anu akhale odula chotani.

Pali njira ziwiri. M'mawa, pezani kachigwa kapena kathawale kamene kali kumtunda kwa gombe, kapena pamene gombe lakhota, muzungulire mpaka chithunzithunzi chanu chigwe kutsogolo kwanu, cha kumene kuli mbalame. Apo ayi, bwerani cha m'ma 3 koloko masana, dzuwa litapendekera ku phiri la Zomba. Pamenepo gombe lonse limakhala lowala bwino mpaka dzuwa kulowa. Pakati pa 10 koloko ndi 2 koloko, makamaka mu Okutobala, mpweya wotentha umagwedezeka pamwamba pa thope moti chilichonse chakutali chimasokonekera. Nthawi imeneyo khalani pamthunzi, idyani mpunga ndi matemba.

Mukaona gulu la mbalame, musalilunjike. Yendani chammbali, pang'onopang'ono, kuima pafupipafupi. Imodzi ikasiya kudya n'kutukula khosi, mwafika pamalire. Khalani pansi kapena gwadani pomwepo, mudikire mphindi 10 kapena 15. Zimaiwala kuti mulipo, ndipo zina zimadzafika zokha pafupi zikudya. Munthu wokhala pansi amaona zambiri kuposa woyendayenda.

Chachisanu: yang'anani mbalame imodzi, ndipo mtundu wa nthenga ukhale womaliza

Musatsegule foni msanga. Sankhani mbalame imodzi, muiyang'ane mpaka mutayankha mafunso awa m'kope. Kodi ndi yaikulu ngati mpheta, njiwa kapena nkhunda? Mlomo wake ndi wautali kuposa mutu kapena waufupi, wowongoka, wopindikira pansi kapena wokwera m'mwamba? Miyendo ndi yamtundu wanji (chenjerani, thope limaidetsa)? Ikudya bwanji, ndipo yaima pouma, pathope kapena m'madzi? Ikauluka, pamwamba pa mchira pali poyera?

Kadyedwe kokha kamagawa mbalamezi pawiri. Za mtundu umene pa Chingerezi umatchedwa plover zili ndi mutu wozungulira, diso lalikulu ndi mlomo waufupi, ndipo zimasaka ndi maso: kuthamanga, kuima njii, kujompha, kuthamanganso. Za mtundu wa sandpiper zimayenda mutu uli pansi, kujompha ndi kupisa mlomo m'thope mosalekeza, kufuna mphutsi, nyongolotsi ndi tinkhono.

Chachisanu ndi chimodzi: dziwani zochepa, koma muzidziwe ndithu

Yambani ndi za kuno, zimene sizipita ku Ulaya, kuti zisakusokonezeni. Blacksmith Lapwing ndi yakuda, yoyera ndi yotuwa, yaikulu ngati nkhunda, ndipo imalira "tink-tink-tink" mokweza ikangokuonani, n'kuchenjeza zinzake zonse. Black-winged Stilt ndi yoyera, mapiko akuda, miyendo yapinki yaitali modabwitsa. Three-banded Plover ili ndi mizere iwiri yakuda pachifuwa ndi mkombero wofiira kuzungulira diso. Izi zimaswana konkuno. Mukaona imodzi mwa izi ikukuzungulirani ikulira, kapena ikukwawa pansi mokhala ngati yathyoka phiko, pali mazira kapena anapiye pafupi. Bwererani momwe munadzera.

Tsopano alendo.

Common Sandpiper ndi yosavuta, ndipo mwina munaionapo kale pamiyala ya mtsinje wa Likangala kapena Mulunguzi. Kukula kwake ndi masentimita pafupifupi 20, miyendo yaifupi, ndipo kumbuyo kwake sikukhazikika, imangogwedeza mmwamba ndi pansi. Kuyera kwa kumimba kumakwera ngati kamzere pakati pa phiko ndi chifuwa. Ikauluka imatsata pamwamba penipeni pa madzi, mapiko ouma ogwera pansi, kukupiza pang'ono n'kusiya. Imakonda kukhala yokha.

Wood Sandpiper ndi imene mudzaiona kwambiri m'madambo a udzu ndi m'minda ya mpunga. Ndi yofanana msinkhu ndi yoyambayo koma yaitali miyendo, miyendoyo yachikasu chobiriwira. Msana wake uli ndi timadontho toyera tambiri, ndipo pamwamba pa diso pali mzere woyera wopitirira kumbuyo kwa diso. Ikadzidzimuka imanyamuka chokwera, ikulira "chif-if-if", pamwamba pa mchira pakuoneka poyera. Iphunzireni bwino imeneyi, chifukwa ndiyo mudzayezera zinzake: iyi ndi yaikulu kuposa Wood Sandpiper, iyo ndi yaing'ono.

Common Greenshank ndi yaikulu, yoposa masentimita 30, yotuwa, mlomo wautali wonenepa wokwera m'mwamba pang'ono. Imalowa m'madzi mpaka m'mawondo, nthawi zina kuthamangitsa tinsomba. Ndi yamantha ndipo kawirikawiri mumayamba kuimva musanaione: "tyu-tyu-tyu", katatu, momveka patali. Marsh Sandpiper imafanana nayo mtundu moti oyamba kumene amazisokoneza, koma ndi yaing'ono, yowonda, ndipo mlomo wake ndi wowongoka, woonda ngati singano. Zonse ziwiri zikauluka kuyera kumakwera kuchokera kumchira mpaka pakati pa msana. Mukakayika, yang'anani mlomo.

Ruff ndiyo imazunguza mutu. Yaimuna ndi yaikulu kwambiri kuposa yaikazi, choncho gulu limodzi limaoneka ngati mitundu iwiri. Miyendo nayo siidalirika: ina yaolenji, ina yobiriwira, ina yotuwa. Zoti mugwire ndi izi: mutu waung'ono pathupi lonenepa, mlomo waufupi wogwa pang'ono kunsonga, ndi nthenga zapamsana zokhala ndi m'mphepete mowala moti msana umaoneka wamamba. Ikamadya itawerama, nthenga zina zapamsanapo zimadzuka ndi mphepo. Kwawo kumpoto yaimuna imamera nthenga zazitali kuzungulira khosi, zakuda, zoyera kapena zofiira, zovinira pamaso pa zazikazi. Kuno nthengazo simudzaziona zitakwanira, koma chakumapeto kwa nyengo mungaone zazimuna zina zili ndi zigamba zakuda kapena zoyera m'khosi. Lamulo langa ndi loti mbalame ya m'matope ikakana kufanana ndi chithunzi chilichonse, yambani mwaganiza za Ruff.

Little Stint ndi kakang'ono kuposa zonse, masentimita 13 kapena 14, kolemera magalamu osafika 30 nthawi zambiri. Miyendo yakuda, mlomo waufupi wakuda wowongoka, ndipo kamadya mothamanga m'magulu, penipeni pomwe thope lili chinyezi. Kambalame kameneka kamaswana ku Arctic, kumpoto kwa Norway ndi Russia, mtunda woposa makilomita 9,000 kuchoka pa Kachulu. Pakati pa timbalameti fufuzani ina yokulirapo, yaitali khosi, ya mlomo wopindikira pansi bwinobwino. Imeneyo ndi Curlew Sandpiper, yochokera kumpoto kwa Siberia, ndipo chiwerengero chake chikutsika padziko lonse, choncho mukaiona lembani. Pomaliza pali Common Ringed Plover, ya mzere umodzi wokha wakuda pachifuwa ndi miyendo yaolenji.

Mitundu 8 imeneyi ikukwanirani chaka choyamba. Imene simunaizindikire lembani kuti simunaizindikire. Kungoipatsa dzina kuti tsamba lidzaze kumasokoneza ena amene adzawerenge zolemba zanu.

Chachisanu ndi chiwiri: za mu Malichi ndi Epulo

Nyanja ikadzaza, siyani doko mupite kuminda. Sikimu za mpunga za Likangala ndi Domasi, ndi minda ina ya m'madambo ozungulira nyanja, zimakhala ndi timagawo tomwe madzi ake ndi ofika m'kakolo, tina tongowokedwa kumene, tina tosalimidwa. M'menemo ndi momwe Wood Sandpiper ndi Ruff zimadyera. Mpunga ukatalika n'kutseka madzi, zimasamukira pena. Pemphani mwini munda, yendani pamizere ya m'malire kapena m'mbali mwa ngalande, osaponda mbewu. Ana amene amapirikitsa mpheta mumpunga amadziwa gawo limene "zamiyendo yaitali" zimatera. Yang'ananinso m'mathawale a m'mbali mwa msewu ndi malo omwera ng'ombe, pomwe ziboda zaponda udzu n'kusiya thope.

Nthawi imeneyi yang'anitsitsani nthenga. Curlew Sandpiper imene inali yotuwa mu Disembala imayamba kuchita mawanga ofiira pachifuwa, ndipo pofika mu Epulo zina zimakhala zofiira ngati njerwa yootcha kuyambira kumaso mpaka kumimba. Little Stint imafiirira kumutu ndi kumsana. Greenshank ndi Marsh Sandpiper zimachita timizere ndi madontho akuda pakhosi. M'gulu limodzi mudzapeza zina zasintha, zina ayi. Zina mwa zimene zimatsala zotuwa ndi ana a chaka chatha, ndipo ena mwa anawa sapita n'komwe kumpoto chaka choyamba, n'chifukwa chake mungapeze Greenshank mmodzimmodzi kuno mu Juni.

Chinanso: mbalamezi zimakhala zikudya modzipereka kuti zisunge mafuta oulukira, ndipo thupi limaoneka lonenepa kuposa mmene linalili pofika. Nthawi iliyonse imene mwaziulutsa, zawononga mafuta amene zimafuna pa ulendo wodutsa zipululu. Ndiye musaziulutse dala kuti muone mchira kapena kuti mujambule. Dikirani, kabawi kapena bwato likadutsa zidzauluka zokha. Galu msiyeni kunyumba.

Chomaliza: werengani ndi kulemba

Lembani tsiku, nthawi, malo enieni, ndi mmene madzi analili, mwachitsanzo "thope lotambalala masitepe 200 kuchoka padoko" kapena "madzi afika m'njedza". Pa Chilwa mfundo ya madziyi ndi yofunika ngati maina a mbalame, chifukwa ndi imene idzakuuzani chaka chamawa koyambira. Gulu likakhala lalikulu, werengani 10 zoyamba, muone malo amene zatenga, kenako yezani gulu lonse ndi muyeso umenewo: 10, 20, 30. Bwerezani kawiri, mulembe nambala yocheperayo.

Mukafika pa netiweki, ikani zomwe mwaona pa eBird, webusaiti imene anthu amalembapo mbalame zimene aona. Ndi yaulere, ndipo malo ngati Chilwa amene sayenderedwa kawirikawiri, ndandanda iliyonse imathandiza. Chaka chilichonse mu Januwale kumakhala kalembera wa mbalame za m'madzi m'maiko ambiri, wotsogoleredwa ndi bungwe la Wetlands International, ndipo tsiku lokumbukira mbalame zoyenda maulendo ataliatali limakhala Loweruka lachiwiri la Meyi ndi la Okutobala. Kwa ife la Okutobala ndilo lothandiza, chifukwa mu Meyi zambiri zimakhala zitapita. Ngati mukufuna anzanu oyenda nawo, funsani a Wildlife and Environmental Society of Malawi.

Yang'ananinso miyendo ngati ili ndi mphete. Akatswiri m'maiko osiyanasiyana amaveka mbalame timphete tachitsulo tokhala ndi nambala, ndipo zina amaziveka timbendera tapulasitiki ta mitundu. Mukaona, lembani mtundu wake, mwendo wake (wamanja kapena wamanzere, pamwamba kapena pansi pa bondo), ndi zilembo ngati zikuwerengeka. Funsaninso alenje ngati anapezapo mphete pa mbalame yogwidwa. Musawaopseze, ingopemphani kujambula nambalayo ndi kufunsa mwezi ndi malo amene anaipeza. Uthengawo tumizani ku SAFRING, ofesi ya ku University of Cape Town imene imasunga kaundula wa mphete za mbalame kummwera kwa Africa, ndipo iwo amatha kufufuza kumene mbalameyo inavekedwa. Akakuyankhani, kauzeni mlenje uja.